Chifukwa chake nyenyezi zikutuluka ngati timizere pachithunzi

Mwafunsa chifukwa chake nyenyezi za gulu la Nsangwe, lomwe ena amalitcha Pleiades, zikuoneka ngati timizere ngakhale kuti kamera munaikhazika pa tripod, choikapo kamera cha miyendo itatu. Vuto si dzanja lanu ayi. Dziko lapansi limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo lenzi yaitali imakulitsa kusuntha kumeneku. Kuti mudziwe masekondi amene kamera ingatenge pojambula chithunzi chimodzi nyenyezi zisanayambe kuoneka ngati timizere, gawani 500 ndi mamilimita a lenzi yanu: ya mamilimita 200 imalola masekondi awiri ndi theka okha, ndipo ineyo ndimachepetsanso pamenepo.

Usiku wopanda mwezi, jambulani zithunzi zambirimbiri pa ISO 1600 (ISO ndi muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala), kenako muziphatikize ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa DeepSkyStacker, ndipo kamtambo kabuluu kozungulira nyenyezizo kadzayamba kuonekera pang'onopang'ono. Koma ndikadakonda mutayambira pa Orion Nebula (mtambo wa mpweya ndi fumbi wa m'gulu la nyenyezi la Orion), chifukwa ndi yowala kwambiri moti kufiira kwake kumatulukira msanga.