Ng'ombe yokana madeya itangoswa

Achimwene, mwati ng'ombe yanu ku Luwinga inaswa masabata awiri apitawo, ikukana madeya koma nsenjere ikudyako pang'ono, mkaka nawo watsika. Ine ndikukayikira chifu chachinayi, chomaliza mwa zifu zinayi zimene ng'ombe imakhala nazo. Chikadzaza mpweya chimachoka pansi pa mimba n'kukwera, kawirikawiri kumanzere, ndipo zimakonda kuchitika mwezi woyamba ng'ombe ikaswa.

Onani ndowe, zimatuluka zochepa, zomata. Kenako gunditsani khutu pa nthiti zomalizira kumanzere, wina azigogoda ndi chala. Mukamva kulira ngati mgolo wopanda madzi, n'chomwecho. Ng'ombe yanga itadwala matendawa, mpweya wa m'kamwa mwake unkanunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo.

Itanani dokotala wa ziweto lero lomwe. Kulirako kukamvekera kumanja, musagone nazo, chifucho chimatha kupotoka.