Machaleti a azungu a ku Mfuwe? Amayi, penshoniyo muigwire kaye

Sabata ino ndalandira kalata ya mayi wina amene wangopuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ali ndi munda wa malemu bambo awo kufupi ndi msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, polowera ku malo osungira nyama a South Luangwa kuno ku Zambia, penshoni yatuluka, ndipo akufuna kumanga machaleti anayi, tinyumba togona alendo, ndi dziwe losambiramo kuti azungu opita kukaona nyama aziima pamenepo. Akufunsa kuti ayambe ndi chiti.

Amayi, mwandigunda pabala. Mawu akuti "azungu a ku Mfuwe" ndawamva mpaka makutu kuwawa chiyambire pamene ine ndi amuna anga tinayamba kulandira alendo pa famu pathu. Alamu anga, akulu a mpingo, ngakhale mnyamata wotigulitsa simenti, aliyense anali ndi mzungu wake m'mutu amene adzatibweretsera madola.

Tiyeni tiwaone bwino azunguwo. Amene ali ndi ndalama amakwera ndege ku Lusaka, kutera pa bwalo la ku Mfuwe, galimoto ya loji n'kuwanyamula pomwepo. Chipata samuona n'komwe. Amene amabwera pa msewu, kaya achokera ku Lilongwe kudzera pa Mwami kaya atsika ndi Great East Road, amaima m'tauni ya Chipata kuthira mafuta, kugula madzi a m'botolo ndi kutapa ndalama, basi ulendo. Msewu wa ku Mfuwe ndi wa tara, safunikanso kugona panjira. Munthu walipira kale bedi m'mbali mwa Luangwa kuti azimva mvuu usiku, aimirenji pa munda wa chimanga? Ndipo mvula ikagwa makampu ambiri a m'tchire ku South Luangwa amatseka, alendo amachepa. Muzati nanga Nc'wala, mwambo wa Angoni? Inde, Loweruka lomaliza la February anthu akamakhamukira ku Mtenguleni kwa Inkosi Mpezeni, bedi m'Chipata limasowa. Kulamba, mwambo wa Achewa wa ku Mkaika kumapeto kwa August, nayonso imadzaza Katete. Koma machaleti amafuna utoto, mlonda ndi wochapa zofunda chaka chonse, osati masabata awiri okha.

Amene amatidyetsa ife ndi anthu a konkuno. Chipata ndi likulu la chigawo, anakhala mzinda mu 2017, ndipo mwadzaza aphunzitsi, anamwino, apolisi, a m'mabanki, amalonda a ku Kapata ndi ku Saturday Market. Loweruka likafika anthu amenewa amasowa kopita ndi ana. Ku bala mwana sungapite naye.

Sukulu yoyamba imene inabwera kwathu sindidzaiiwala. Minibasi inaima pansi pa mtengo wa mango, ana a giredi 4 nkhope zili pa mawindo, phokoso ngati mpheta m'munda wa mapira. Chitseko sichinatsegulidwe. Anatsika aphunzitsi okha, mayi wamkulu thupi, kachikwama m'khwapa, moni wake wachidule, kenako: "Chimbudzi chili kuti?" Ndinawalondolera. Analowa, anakweza chivundikiro, anasuzumira kuseri kwa chitseko, anatuluka n'kutsegula kampopi ka pa ndowa kuti aone ngati muli madzi, mpaka sopo anamununkhiza. Atatero m'pamene anatembenuka n'kukodola dalaivala kuti ana atsike. Ng'ombe zathu, damu la nsomba, mabenchi amene amuna anga anakhoma usiku ndi tochi, zonsezo sanaziyang'ane n'komwe kufikira chimbudzi chitakhoza mayeso.

Tsiku limenelo ana anazula mtedza. Kamnyamata kena kanakoka phata, nthaka n'kugumuka, makoko ali lendelende, kanafuula kuitana anzake kuti adzaone. Mwana wobadwira m'chigawo cha mtedza wa Chalimbana, amene amadya chiponde m'mawa uliwonse, koma anali asanaonepo pamene mtedza umakhala. Anakama ng'ombe mosinthana, ena akuthawa mchira. Masana anadya nsima ndi nkhuku ya kumudzi ndi chibwabwa chotendera, atakhala pa mphasa. Aphunzitsi aja anajambula zithunzi n'kuziponya pa gulu lawo la WhatsApp, ndipo temu isanathe masukulu ena anayamba kuimba foni. Chikwangwani cha pa msewu sichinatibweretserepo anthu ochuluka chotero.

Kenako anabwera azimayi a kicheni pate, a chilimba, makwaya a mipingo, akwati ofuna pojambulira zithunzi. Awa safuna zambiri. Amafuna mthunzi waukulu, pophikira, magetsi a sipika, ndi njira yoti nsapato zazitali zisamire m'matope. Ambiri mapoto amabwera ndi awo. Madzulo amanyamuka, inu n'kusesa, kuwerenga ndalama, kukagona. Palibe wokudzutsani pakati pa usiku kuti madzi otentha sakutuluka.

Tsono za dziwe losambiramo, pamenepa ndiye sindinyengerera. Musamange. Poyamba ndinkati aliyense ndi thumba lake, koma chilala cha 2024 chinandiumitsa mtima. Madzi a ku Kariba atatsika, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo dziwe lopanda pampu yoyenda limasanduka lobiriwira m'masiku ochepa. Ndinaona malo ena, sinditchula dzina, akuthira mankhwala okwera mtengo m'madzi amene achule anali atayamba kale kuikiramo mazira, kwinaku mjigo ukuphwa, ng'ombe zikulira ludzu. Ndiponso ana athu ambiri sadziwa kusambira. Bambo ali pa michopo ndi botolo m'manja, mayi ali pa foni, mwana wa zaka zisanu watsetserekera kozama. Maliro amodzi otere, dzina la malo anu latha, ndipo mudzi wonse udzati munakhwimira bizinesi ndi mwana wa eni. Mukuwadziwa anthu athu. Ndalama ya dziwe igulireni sola ndi thanki ya madzi.

Pali chinanso chimene palibe amakuuza: achibale. Malo akangokongola, mwana wa azakhali akufuna ukwati wake uchitikire pamenepo, "si kwathu komwe?" Msuweni wabwera ndi anzake asanu, adya nkhuku ziwiri, potsazika akuti tionana kumapeto kwa mwezi. Mwezi wake uti? Ife tinaika mtsikana wa kutali pa geti, amene sadziwa kuti uyu ndi malume, uyu ndi mlamu. Iye amangoona risiti. Anandinena, pa maliro ena moni anandimana, koma nkhuku zinasiya kutha. Achibale a ukwati timawatsitsira mtengo, osati kuwapatsa ulere, chifukwa otsuka mbale ndi mlonda amalipidwa ndithu.

Ndisanaiwale, Abemba amene amagwira ntchito kuno ndi makasitomala abwino kwambiri. Amafika ndi chimbuya chawo, ubale wotonzana mwanthabwala wa iwo ndi ife a kum'mawa, akufuula kuti tiwaonetse khola la mbewa, ife n'kuwayankha kuti anyani atha, adya okha. Nyengo yokolola ikatha anyamata a m'mudzi amabwera ndi mbewa zowamba, ndipo amene amayamba kulawa ndi omwe ankatisekawo, akujambulana.

Za ziweto samalani. Alendo amakonda nkhumba, makamaka tiana take, koma chigodola cha nkhumba n'chokhazikika m'chigawo chathu, chilibe mankhwala, ndipo chimayenda pa nsapato, pa matayala ndi pa zotsala za nyama imene anthu abwera nayo kudzawotcha. Kwathu nkhumba amazionera patali, kuseri kwa waya, ndipo nyama ya nkhumba yochokera kunja silowa pa geti. Nkhuku muzizipatsa katemera wa chitopa pa nthawi yake. Mbuzi yokonda kugunda muigulitse, isadzakuchititseni manyazi pa mwana wa a hedimasitala.

Za munda wa malemu bambo

Mwalemba kuti mundawo ndi wa bambo anu. Kodi uli ndi taitolo, kapena ndi malo a mfumu? Ngati ndi a mfumu, lamulo la 1989 logawa chuma cha masiye silikhudza malo otere, amayendera mwambo. Kwa Angoni ana amalowa m'malo a bambo awo, koma kwa ife Achewa mbumba ya kuchikazi ili ndi mawu. Lero adzukulu a malemu, ana a alongo awo, ali chete chifukwa pamerapo nsenjere. Tsiku limene adzaone magalimoto ataima pa geti adzakumbukira kuti munda unali wa malume awo. Khalani pansi ndi banja lonse, a nyakwawa alipo, zimene mwagwirizana zilembedwe, kenako mupite kwa amfumu ndi ku khonsolo ngati mufuna taitolo ya zaka 99. A nyakwawa omwewo ndi amene adzalandire madandaulo sipika ikalira mpaka usiku, ndiye musamawaone pa mavuto pokha. Kwathu nyimbo zimazima dzuwa likalowa, ndipo akwaya amadziwiratu polipira.

Mwafunsa kuti muyambe ndi chiti. Zimbudzi ziwiri zabwino, cha amuna ndi cha akazi, posamba m'manja pali pomwepo. Kolera ya 2024 inachedwetsa kutsegula masukulu mpaka February, ndipo kuyambira pamenepo aphunzitsi ndi a zaumoyo sachita nazo masewera. Kenako madzi odalirika, chisakasa chachikulu cha udzu, ndi njira yoti minibasi ilowe ngakhale mu January. Dzina la bizinesi mulembetse ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho (TPIN) ku ZRA, bungwe la misonkho, ziphaso za malonda, za zaumoyo ndi za mowa ngati mudzagulitsa ku khonsolo, mjigo ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi. Ophika akapimidwe kuchipatala. Machaleti akadzafika, m'pamene mudzafunenso chiphaso cha Zambia Tourism Agency. Theka la penshoni lisakhudzidwe. Itanani sukulu imene munkaphunzitsa ikhale yoyamba, ndipo gulu lililonse lizitumiza theka la ndalama pa foni musanaphe nkhuku.