Za kutsamwa kwa achimwene anu, musazengereze

Achemwali, ndawerenga mtima ukugunda zimene mwalemba, zoti achimwene anu odwala Huntington akumatsamwa pakudya, komanso nkhawa yanu pa ana awo. Kutsamwa pakudyako musakutenge mwachibwana ayi. Amuna anga analinso ndi Huntington yomweyi, matenda a ubongo otengera kwa makolo. Zinayamba ali ndi zaka 38, zala kumangogwedera, kuyenda mwadzandidzandi, kupsa mtima pa zinthu zosaoneka mutu wake. Dokotala woyamba anangowaona akulowa n'kunena kuti asiye mowa. Munthu woti mowa sankaulawa n'komwe! Kumeneko apongozi anga aamuna anamwalira ndi zomwezi, abale onse akudziwa, koma anangoti zii, ine n'kumazunguzika ndekha.

Tsiku limene sindidzaiwala tinali pakudya. Kachidutswa ka nyama kanawakhala pakhosi. Mawu osatuluka, nkhope kuda bii, maso ali tong'oo, manja akuponyeka uku ndi uku moti kuti ndiwagwire kumbuyo ndiwafinye pamimba zinkakanika, chigongono chawo chinandiphulitsa mlomo. Mwana wathu wamng'ono ataima pakhomo akukuwa. Kanatuluka inde, koma zina zinali zitalowa kale m'mapapo, sabata isanathe chibayo. Kuchipatala namwino wina anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndikuwadyetsa mosasamala. Ine? Pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti matendawa amasokoneza kumeza, kuti chibayo chotere n'chimene chimatenga odwala ambiri a Huntington. Mpaka lero ndikakumbukira ndimanjenjemera ndi ukali.

Komabe achimwene anuwo pitani nawo kuchipatala, muwamvere madokotalawo. Limbikirani kuti aonedwe ndi dokotala wa ubongo, komanso katswiri woona za kulankhula ndi kumeza. Podya akhale tsonga, chibwano chitsike pang'ono, chakudya chofewa, pang'onopang'ono, wailesi muzimitse ndipo musawayankhulitse ali ndi chakudya m'kamwa. Madzi wamba ndi amene amatsamwitsa kwambiri, funsani za kukhuthalitsa zakumwa. Adye pafupipafupi chifukwa odwalawa amaonda ngakhale akudya bwino.

Mankhwala ochiza palibe, asakunamizeni munthu. Mankhwala otchedwa Tetrabenazine amachepetsa kugwederako, koma amatha kukulitsa kukhumudwa, ndiye akayamba kulankhula zoti bola kufa musaseke, thamangani nawo tsiku lomwelo. Maganizo odzipha ndi ochuluka pa matendawa.

Za ana awo zija. Mwana aliyense mwayi wotengera ndi theka, 50 pa 100. Poyeza magazi amawerenga kuti kachidutswa kotchedwa CAG kabwerezedwa kangati mu jini (chibadwa) yoyambitsa matendawa, nambalayo ikafika 40 kapena kupitirira matendawo adzabwera ndithu, nthawi zambiri pakati pa zaka 30 ndi 50. Mwana wosafika zaka 18 wopanda zizindikiro madokotala samuyeza, amati adzasankhe yekha akakula atalandira uphungu. Kubisa n'koipa, kunandipweteka ine. Koma musathamangire kuwauza anawo, asiyeni kaye aphunzire. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 16, amangodziwa kuti bambo ake ankadwala mitsempha.