Digiri ya criminal justice: kodi ndalama zidzabwerera?

Achemwali, mukuti mwana wanu akumaliza sekondale ku America, akufuna digiri ya zaka 4 ya criminal justice (maphunziro a za upolisi, makhoti ndi ndende), ndipo fizi yake ifuna ngongole. Mukufunsa ngati ndalamazo zidzabwerera. Ine ndikuti zingabwerere ngati digiriyo mwaipeza motchipa kapena wina akukulipirirani. Koma yotengera ngongole yaikulu, ayi, chifukwa ntchito zambiri zimene anawa amalakalaka sizifuna pepala limeneli.

Tiyambe ndi upolisi, popeza ambiri mtima wawo umakhala kumeneko. M'madera ambiri a ku America munthu amalowa upolisi ndi satifiketi ya sekondale basi, kenako amakaphunzitsidwa kusukulu ya apolisi. Alipo madera okhwimitsa, monga Minnesota kumene amafuna maphunziro a kukoleji a zaka 2, koma ndi ochepa. Malipiro ake si oipa. Bungwe la boma la Bureau of Labor Statistics linapeza kuti mu 2023 malipiro apakatikati a apolisi ndi ofufuza milandu anali pafupifupi madola 75,000 pachaka, pomwe oyang'anira akaidi kundende ankalandira pafupifupi madola 53,000. Kungoti ndalama zimenezi zimachokera ku ntchitoyo, ku ovataimu ndi zaka zimene munthu wagwira. Pamene wa digiri akuyamba ntchito, mnzake amene analowa ali wamng'ono popanda digiri amakhala atadyapo kale malipiro a zaka zingapo, penshoni yake itayamba kale kuwerengedwa, ngongole alibe.

Banki ya Federal Reserve ya ku New York imatulutsa chaka ndi chaka chiwerengero cha omaliza maphunziro amene akugwira ntchito yosafuna digiri. Criminal justice imapezeka pamwamba penipeni, pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Apa tisafulumire kuweruza. Sizikutanthauza kuti onsewo akuvutika, poti upolisi nawonso umawerengedwa m'gulu la ntchito zosafuna digiri. Chimene zikusonyeza n'chakuti ambiri analipira chinthu chimene sanafunsidwe pakhomo.

Pamene digiri imayamba kubala ndi munthu akalowa kale. Imathandiza pokwezedwa udindo, ndipo malo ena amaonjezera malipiro. Ku Massachusetts kuli lamulo la mu 1970 lotchedwa Quinn Bill, limene linakonza zoti wapolisi wa digiri ya zaka 2 aonjezeredwe 10 peresenti, wa zaka 4 aonjezeredwe 20, wa masitazi 25. Masiku ano zimatengera mzinda, ena amalipira zonse, ena ayi. Ntchito yoyang'anira anthu amene akugwira chilango ali kunja kwa ndende nayonso kawirikawiri imafuna digiri ya zaka 4, ngakhale kuti ya social work kapena psychology amailandiranso.

Tsono mumufunse bwinobwino mwanayo kuti akufuna kudzakhala ndani, chifukwa mafilimu asokoneza ana ambiri. Ngati akufuna zopima magazi ndi DNA mu labotale, kumeneko amafuna chemistry kapena biology. Ngati akufuna uloya, adzafunikabe zaka zina 3 kusukulu ya zamalamulo, ndipo kumeneko amatenga munthu wa digiri ya phunziro lililonse. Ngati ndi FBI, bungwe lofufuza milandu m'dziko lonse la America, digiri ndi yofunikadi, koma ya phunziro lililonse, ndipo wodziwa zowerengera ndalama, makompyuta kapena zilankhulo zakunja amaoneka msanga pakati pa khwimbi la ofunsira. Ubwino wa maphunziro amenewa ndi wakuti upolisi ukakanika, munthu amakhala ndi kolowera kwina. Ndipo umakanikadi: ena amagwa pa mayeso a thupi, ena pa kafukufuku wa mbiri yawo, ena amangotopa ndi ntchito ya usiku.

Muonetsetsenso za mapepala. FBI imalemba nzika za America zokha, ndipo apolisi a m'madera ambiri amateronso, ngakhale kuti California inafewetsa lamulo lake mu 2023. Ngati mwanayo si nzika, nkhani imeneyi ikhale yoyamba, fizi ibwere pambuyo.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi makoleji ochita malonda, aja amadzitsatsa pa intaneti usana ndi usiku. Mu 2012 boma la Illinois linasumira Westwood College chifukwa chonyengerera ophunzira a criminal justice kuti adzalowa upolisi, chonsecho apolisi a ku Chicago sankavomereza maphunziro a pakolejiyo. Inatsekedwa mu 2016, ophunzira atasenza ngongole za madola masauzande ambiri. Musanalipire kobiri lililonse, imbirani foni kumene mwanayo akufuna kudzagwira ntchito, muwafunse ngati amalandira mapepala a kolejiyo.

Akanakhala mwana wanga, ndikanamuyambitsa zaka 2 pa community college, koleji ya boma ya m'dera, kumene fizi ndi yotsika kwambiri, kenako asamukire ku yunivesite ya boma ya m'dera lomwe akukhala. Njira ina ndi kulowa ntchito kaye n'kumaphunzira pang'onopang'ono, chifukwa nthambi zambiri za apolisi zimabweza gawo la fizi. Ngongole ikakhala yosapeweka, atenge ya boma lalikulu la America (federal), osati ya kubanki. Pali ndondomeko ya Public Service Loan Forgiveness, ya mu 2007, imene imakhululukira ngongole yotsala munthu akalipira miyezi 120 akugwira ntchito ya boma, ndipo apolisi ndi ogwira ntchito kundende alimo. Ngongole ya kubanki sikhululukidwa mwa njira imeneyi, ngakhale atagwira upolisi mpaka kupuma.