Nyumba yakale ya pa esiteti ndi mabalani ake: tikonze kapena tigumule?

Mayi wina wa ku Thyolo wandilembera imelo. Banja lawo lagula malo amene kale anali mbali ya esiteti, ndipo pamalopo pali nyumba yakale ya bwana ndi mabalani awiri a fodya. Achimwene awo akufuna agumule mabalaniwo, njerwa zake amangire mpanda, nyumbayo aipake pulasitala wa simenti. Mayiwo akufunsa ngati boma limateteza nyumba zotere, komanso ngati maganizo a achimwenewo ali bwino.

Mayi, za lamulo n'zachidule. Nyumba imene boma linailengeza kuti ndi yotetezedwa, monga Mandala House ya ku Blantyre yomangidwa mu 1882, siisinthidwa kapena kugumulidwa popanda chilolezo. Musanachotse njerwa ngakhale imodzi, kafunseni ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ngati yanuyo ili m'kaundula.

Koma ngakhale atakuuzani kuti mulibe, simenti ija ikaneni. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo anamanga ndi njerwa zootcha pompo, zolumikiza ndi dothi kapena laimu. Khoma lotere limamwa chinyezi n'kuchitulutsanso dzuwa likawala. Mukaliphimba ndi simenti, madzi amatsekeredwa m'kati, pulasitala amatukumuka, njerwa n'kumafumbutuka. Amisiri aja ankaidziwa mvula ya kuno ndi chiperoni chake. N'chifukwa chake maziko anakweza mpaka pofunika masitepe, denga analitsetsereza kwambiri, khonde n'kulitambasula kuti mvula isamenye khoma. Chumuni ndi cha kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi; khitchini inkakhala payokha kuopa moto ndi utsi. Kapalaseni pang'ono thabwa la chitseko kapena la kudenga, mununkhize. Likanunkhira, mwina ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe sichiudya. Mtengowu uli pafupi kutheratu, choncho thabwa limenelo mukalitaya simudzalipezanso. Mukafuna kuona nyumba yotere yosamalidwa bwino, ku esiteti ya Satemwa, ku Thyolo komweko, kuli Huntingdon House, ya banja la Maclean Kay amene anayambitsa esitetiyo mu 1923.

Mabalaniwo ndi amene andigwira mtima. Tiyi asanadzaze mapiri a Thyolo, maesiteti ambiri ankalima fodya. Lowanimo muone: makoma ataliatali opanda mawindo, timabowo ta mpweya m'munsi ndi pamwamba, mitengo yopingasa yopachikapo fodya, ng'anjo kunja, ndi njira ya mapaipi otentha pansi. Moto unkayaka usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, ndipo munthu wosonkhezera akangosinza, fodya yense ankawonongeka. Ankachezera pang'anjopo anali ndani? Agogo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ena akugwira thangata kuti asathamangitsidwe pamalo. Ine zimandiwawa kuona nyumba ya bwana ikupakidwa penti, pamene malo amene anthu athu anakhetsera thukuta akusanduka mpanda.

Achimwene anu muwauze kuti ndalama ziyambire kudenga. Malata odontha asinthidwe, ngalande zozungulira nyumba zitsegulidwe, mitengo yomera m'makoma idulidwe n'kuchotsa mizu mosamala, ming'alu imatidwe ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Mabalaniwo mukawafolera n'kuikamo zitseko, mungasungiremo chimanga ndi feteleza, ndipo za mpanda muumbe njerwa zina.