Mapu a maina pa intaneti akuti makolo anu anachokera kutali: kodi muwakhulupirire?

Mayi wina wandilembera pa imelo ndipo funso lawo ndi lalifupi. Analemba dzina la banja lawo pa tsamba lina la pa intaneti limene limaonetsa mapu a kumene dzina lililonse likupezeka, ndipo tsambalo linawauza kuti anthu ambiri a dzinalo ali m'dziko lina lakutali kumene palibe wachibale aliyense anapondako. Akufunsa ngati makolo awo anachokera kumeneko, komanso ngati dzinalo likutha, popeza bambo awo anamwalira atasiya ana aakazi okhaokha.

Amayi, ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndizungulire pang'ono, chifukwa mwakhudza nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa zaka zambiri.

Dzina limene lili pa chiphaso changa silinali dzina la banja pa nthawi imene agogo anga aamuna ankabadwa. Linali dzina la munthu mmodzi, bambo awo, ndipo linkayenera kuthera pa iwo monga amathera maina ena onse a ubwana. Agogo atapita kukalembetsa sukulu, mphunzitsi anawafunsa kuti bambo awo ndani, n'kulemba yankholo m'danga lachiwiri la kaundula, ndipo kuyambira tsiku limenelo tonse obadwa pambuyo pawo tinalisenza. Mng'ono wawo analeredwa ndi amalume, choncho atafunsidwa funso lomwelo anatchula amene ankamudyetsa, ndipo adzukulu ake mpaka lero amadziwika ndi dzina la amalumewo. Wachitatu anapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko, kumene kalaliki wosadziwa chinenero chathu analemba dzinalo mmene linamvekera m'makutu mwake, anataya chilembo choyamba, ndipo pamene panali "l" anaikapo "r". Ana atatu a bere limodzi anatuluka ndi maina atatu.

Pepala la ubatizo la wachitatuyo ndili nalo. Lasanduka lachikasu, lang'ambika m'mene ankalipindamo, ndipo pa mzere wa dzina pali zolemba za anthu awiri: woyamba analemba dzina lenileni ndi inki yakuda, kenaka wina anadzalikhwacha ndi mzere umodzi n'kulemba pamwamba pake, ndi inki yabuluu, dzina lopotoka lija kuti ligwirizane ndi chitupa cha kuntchito. Tsono ndikalemba maina atatuwa pa tsamba ngati limene munagwiritsa ntchito, limandipatsa mapu atatu osiyana, ndipo dzina lopotokalo limalilozera ku dziko lina la ku Ulaya kumene mwangozi kuli dzina lolembedwa chimodzimodzi. Abale anga ena anasangalala nazo kwambiri nkhani zimenezi, mpaka anayamba kufotokoza kuti n'chifukwa chake azakhali ena anali oyererapo khungu. Ine zinandikwiyitsa, ndipo zimandikwiyitsabe.

Chimene ndikukhulupirira tsopano, ndipo sindisunthika pa mfundo imeneyi, n'chakuti mapu otere amaonetsa mbiri ya makaundula kuposa mbiri ya magazi. Masambawa amasonkhanitsa maina kuchokera m'mabuku a manambala a telefoni, m'mindandanda ya ovota, m'zolemba za kalembera ndi m'zikalata zina zimene anatha kuzipeza, choncho dziko limene lakhala likulemba anthu ake mosamala kwa zaka mazana awiri limaoneka lodzaza, pamene dziko limene anthu ambiri anabadwa ndi kumwalira osalembedwa paliponse limaoneka ngati lopanda anthu. Ku Britain munthu akhoza kutenga kalembera wa 1881, amene ali ndi dzina la munthu aliyense wa m'nyumba iliyonse, n'kumuyerekeza ndi mindandanda ya masiku ano, n'kuona mmene dzina lasunthira kuchoka m'chigawo china kupita m'mizinda. Ku Malawi kulembetsa kwa nzika zonse za zaka 16 kupita m'tsogolo kuti zikhale ndi chiphaso kunachitika mu 2017, pamene analembedwa anthu oposa 9 miliyoni. Tsamba limene likudzitama kuti likuonetsa mmene dzina linafalikira m'maiko awiriwa pa zaka 100 zapitazi likuika pa sikelo imodzi zinthu zosayerekezeka.

Tengani dzina la Banda. Limapezeka kwambiri m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kufalikira kumeneku kuli ndi tanthauzo lenileni, chifukwa mfunda umenewu, pamodzi ndi wa Phiri, ndi wakale kuposa malire amene anadula anthu a chinenero chimodzi m'maiko atatu. Koma mapu omwewo adzakuonetsaninso a Banda ambiri ku Mexico ndi kum'mwera kwa United States, amene dzina lawo linachokera ku Chisipanishi, komanso ena ku India. Kompyuta imangoona zilembo zisanu zofanana. Ngakhale kuno kumene dzinali ndi mfunda, kufanana kwa dzina sikutanthauza banja limodzi: Hastings Kamuzu Banda, Rupiah Banda amene analamulira Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, ndi Joyce Banda amene analamulira Malawi kuyambira 2012 mpaka 2014 sanali a nyumba imodzi, ndipo mayi Joyce Banda analitenga dzinalo chifukwa cha ukwati.

Anthu ambiri amaganiza kuti maina a mabanja ndi akale ngati mapiri, koma m'maiko ochuluka anabwera ndi lamulo la boma, ndipo boma linkawafuna kuti kutolera msonkho ndi kulemba asilikali kusavute. Napoleon, wolamulira wa ku France, analamula mu 1811 kuti anthu a ku Netherlands amene analibe dzina lokhazikika la banja alembetse limodzi. Japan inakakamiza anthu wamba onse kukhala ndi dzina la banja mu 1875, ndipo Turkey inachita zomwezo mu 1934, chaka chimene mtsogoleri wa dzikolo, Mustafa Kemal, anapatsidwa dzina loti Atatürk. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Philippines, kumene mu 1849 bwanamkubwa wa atsamunda a ku Spain, Narciso Clavería, anasindikiza buku la maina motsatira alifabeti n'kulamula mabanja kuti asankhemo. Masamba a bukulo anagawidwa m'matauni, moti mpaka lero m'tauni ya Oas, m'chigawo cha Albay, maina a mabanja ambiri amayamba ndi chilembo cha "R". Munthu wa kumeneko wokhala ndi dzina lomveka la Chisipanishi akayang'ana mapu angaganize kuti makolo ake anachokera ku Spain, chonsecho anachita kuloza chala pa tsamba limene linafika kwawo.

Palinso maina amene anthu anawasankha okha pofuna chitetezo kapena ulemu. Ku United States, kalembera wa 2000 anaonetsa kuti mwa anthu 10 alionse otchedwa Washington, 9 anali akuda, chifukwa ambiri amene anamasulidwa ku ukapolo anatenga dzina la mtsogoleri woyamba wa dzikolo, amene analibe mwana wobereka yekha. Ku Vietnam pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ndi Nguyen, dzina la mafumu amene analamulira kuyambira 1802 mpaka 1945, ndipo ku South Korea munthu mmodzi mwa asanu ndi Kim. A ku Korea amadziwa bwino kuti dzina lokha silikwanira, n'chifukwa chake amafunsanso dera limene fuko la Kim ameneyo linayambira, monga Gimhae kapena Gyeongju. Dzina la Smith, limene ndi lofala kuposa onse ku England ndi ku United States, linachuluka chifukwa mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo wake, ndipo osula zitsulowo sanali pachibale.

Kodi dzina limatha bwanji?

Gawo lachiwiri la funso lanu ndi limene linandipweteka, chifukwa m'kalata yanu mukumveka ngati mukudziimba mlandu pobadwa mkazi. Nkhawa imeneyi ndi yakale. Mu 1873 wasayansi wina wa ku England, Francis Galton, poona kuti maina a mabanja ambiri otchuka ku England anali kuzimirira, anafunsa akatswiri a masamu kuti awerengere mwayi woti dzina lodutsa mwa ana aamuna okha lidzathe, ndipo amene anayankha anali m'busa wina wodziwa masamu, Henry William Watson. Ena pa nthawiyo ankaganiza kuti mabanja olemera amatha chifukwa moyo wofewa umachepetsa mphamvu yobereka, koma masamuwo anaonetsa kuti mwayi wokha ndi wokwanira kupha dzina.

Mukhoza kuziwerengera nokha. Tiyerekeze kuti pali amuna 100, aliyense ali ndi dzina lakelake, ndipo aliyense abereka ana awiri, mwayi wa mwamuna ndi wa mkazi uli wofanana. Mmodzi mwa anayi alionse adzabereka aakazi okhaokha, choncho maina pafupifupi 25 atha pa m'badwo woyamba womwewo. Pofika m'badwo wachiwiri atha pafupifupi 39, wachitatu 48, ndipo wachinayi 55. Chonsecho chiwerengero cha anthu sichinatsike, palibe mliri umene unagwa, palibe banja limene linatembereredwa. Maina otsalawo ndi amene amakula kudzaza malo a amene atha, ndipo zimenezi zikapitirira kwa zaka zambirimbiri mumapeza dziko ngati China, kumene maina a mabanja ndi akale kwambiri ndipo Wang, Li ndi Zhang lililonse lili ndi anthu oposa chiwerengero cha maiko ambiri a mu Africa.

Tsono kunena kuti banja latha chifukwa dzina latha ndi kulakwitsa kwakukulu, ndipo ndimakana kumva mawu amenewa kwa aliyense. Munthu ali ndi agogo anayi, makolo a agogowo ndi 8, ndipo m'badwo wotsatira kumbuyo ndi 16, koma dzina limene amalemba pa fomu ndi la mmodzi yekha mwa 16 amenewo. Enawo 15 ali m'thupi mwake mofanana ndi mwini dzinayo, kungoti cholembera sichinawatsate. Mitundu ina inakonza zinthu mwanjira ina. Ku Spain mwana amatenga maina awiri, la bambo ndi la mayi, ndipo kuyambira 1999 makolo akhoza kuika la mayi patsogolo. Ku Iceland anthu ambiri alibe n'komwe dzina la banja: mwana amadziwika ndi dzina loyamba la bambo kapena mayi ake lowonjezeredwa mawu otanthauza mwana wamwamuna kapena wamkazi, moti dzina lomaliza limasintha m'badwo uliwonse, komabe ndi anthu amene amadziwa mibadwo ya makolo awo bwino kuposa mitundu yambiri.

Sindikunena kuti mapu a maina ndi achabechabe. Amanena zoona pamene dzina ndi losowa, pamene kalembedwe kake n'kovuta kuti kafanane mwangozi ndi dzina la chinenero china, komanso pamene pali ulendo wodziwika m'mbiri umene ukufotokoza njira yake. A Phiri, a Mwale ndi a Banda amene ali ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg ambiri ndi ana ndi adzukulu a amuna amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ena kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, kufikira pamene boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu kotere mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Maina a Jere ndi Maseko amatsatira njira ya Angoni kuchokera kum'mwera, ndipo gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835. Apa dzina, mbiri yolembedwa ndi zimene akuluakulu amasimba zikulozera kumodzi. Ofufuza a ku England amene anayeza DNA ya amuna a dzina limodzi anapezanso zofanana ndi zimenezi: amuna a dzina losowa nthawi zambiri amakhaladi ochokera kwa kholo limodzi, pamene a dzina lofala ngati Smith sagwirizana kuposa anthu ongokumana pamsewu.

Zoti muchite, amayi, ndi izi. Yambani ndi munthu wamkulu kuposa onse amene ali moyo ku mbali ya bambo anu, ndipo musamufunse kuti dzinali linachokera kuti, koma kuti munthu woyamba kutchedwa dzinali anali ndani, mfunda wake unali uti, ndipo abale ake ankalembedwa ndi maina ati. Sonkhanitsani mapepala a ubatizo, a sukulu, a ukwati ndi zitupa zakale, jambulani zolemba za pa ziliza, ndipo lembani kalembedwe kalikonse ka dzinalo kamene mungakapeze pamodzi ndi chaka ndi malo ake. Mukabwerera pa tsamba lija, fufuzani kalembedwe konseko, ndipo musayang'ane dziko limene lili ndi anthu ambiri a dzinalo, koma dera limene dzinalo likupezeka kawirikawiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu a m'deralo. Ngati mukufuna kuyeza mzere wa bambo anu ndi DNA, pafunika mwamuna wa mzerewo, monga mchimwene wa bambo anu kapena mwana wake wamwamuna, chifukwa Y chromosome, gawo la DNA limene bambo amapatsira mwana wamwamuna, imadutsa mwa amuna okha. Ndipo ngati mukufuna kuti dzinalo lipitirire, funsani ku ofesi yolembetsa ana obadwa ngati mungalipereke kwa mwana wanu, kaya ngati dzina lapakati kapena lomaliza.