Funsani Amakaniko: jeke, matipa ndi katundu wolemera

Nyengo ino yogulitsa chimanga, soya ndi mtedza malole sakupuma pa msewu wa Great East, ndipo makalata ambiri amene talandira akufunsa za jeke ndi masilinda a hayidiroliki. Tasankhapo asanu.

Akonzi, ndimayendetsa lole yonyamula chimanga kuchokera ku Katete kupita ku Lusaka. Tayala likaphulika lole ili yodzaza, jeke yanga ya matani 10 imatitimira m'dothi ndipo nthawi zina imapendekeka. Kodi jekeyi ndi yaing'ono? Mnyamata amene ndimayenda naye amalowa pansi kukaikonza lole ili m'mwamba. — Dalaivala, Katete

Bambo, tiyambe ndi mnyamatayo, za jeke zibwera pambuyo. Asalowenso pansi pa lole imene yagwiridwa ndi jeke yokha, ngakhale kungolowetsako dzanja. Chimene chagwira katundu yense ndi mafuta otsekeredwa ndi kampira kozungulira pisitoni, kotchedwa silu, ndi kavalavu kakang'ono. Silu ikang'ambika kapena jeke ikaterereka, lole sichenjeza munthu, imangogwa. Ntchito ya jeke ndi kukweza kokha. Yogwira katundu ndi ya masitandi achitsulo kapena zipika za mtengo wolimba.

Za kukula kwake: ekiselo ya matayala anayi yodzazidwa motsatira lamulo imasenza matani 10, choncho mbali imodzi ndi matani asanu. Papepala jeke yanu ikukwanira. Koma mukaima potsetsereka katundu amatsamira mbali imodzi, ndipo tonse tikudziwa kuti malole a chimanga sachedwa kupitiriza muyezo. Opanga zipangizozi amalangiza kuti musapitirire 80 peresenti ya mphamvu yolembedwa pa jeke, ndiye ya matani 10 muziiwerengera matani 8. Kwa lole yaikulu ife tingasankhe ya matani 20.

Vuto lanu lenileni ndi dothi. Tsinde la jeke lingakhale masentimita 12 kwa 15. Matani asanu pa malo ochepa chonchi ndi makilogalamu pafupifupi 28 pa sentimita iliyonse ya sikweya, pamene dothi la m'mbali mwa msewu, makamaka mvula ikagwa, limayamba kugonja pa kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Muziyenda ndi chitsulo chokhuthala kapena matabwa olimba olumikizidwa bwino, masentimita 50 mbali zonse. Pamenepo kulemera kumatsikira pa makilogalamu awiri okha. Mtengo wake ukhale muwanga kapena tsanya. Paini amang'ambika, ndipo njerwa kapena mabuloko a simenti amaphwanyika mwadzidzidzi, musawayese n'komwe.

Mukaima, funani malo athyathyathya, zimitsani injini, kokani handibuleki, ikani giya, ndipo ikani mathirayango kutsogolo ndi kumbuyo. Tsekerani matayala amene akhale pansi, mbali zonse ziwiri. Manati muwamasule pang'ono tayala lisanachoke pansi, chifukwa kulimbana ndi nati youma lole ili pa jeke n'kumene kumaigwetsa. Mutu wa jeke ukhale pansi pa ekiselo, pafupi ndi pamene sipuling'i imamangidwira, ndipo ugunde chitsulo ndi nkhope yake yonse. Mukaona jeke ikuyamba kupendekeka, tsitsani muyambirenso. Jeke yopendekeka imakanda ndodo yake, chitsulo chimene chimakwera popopa, n'kudya silu mbali imodzi, kenako imathawa pansi pa katundu. Tayala likangosiya pansi masentimita awiri kapena atatu, lowetsani sitandi poikankha ndi ndodo, tsitsani pang'ono kuti ekiselo ikhale pa sitandiyo, ndiyeno chotsani tayala. Kumbukirani kuti tayala lopopa ndi lalitali kuposa lophwa, ndiye siyani mpata wokwezera zina.

Jeke yanga ikakweza galimoto imatsika yokha pang'onopang'ono, ndipo popopa imamveka yofewa. Mafuta atachepa ndinathiramo buleki fuluwidi. Ndichite chiyani? — Wokonza matayala, Petauke

Buleki fuluwidi ndiye wamaliza jeke yanu. Masilu a jeke amapangidwa ndi mphira wogwirizana ndi oyilo, ndipo buleki fuluwidi amaufufumitsa mpaka kuwola. Muyenera kukhuthula zonse, kutsuka mkati ndi oyilo wa hayidiroliki watsopano, n'kusintha masilu onse. Oyilo woyenera ndi wa hayidiroliki wopepuka, wolembedwa ISO 32 kapena 22. Oyilo wa injini ndi wokhuthala kwambiri, ndipo wakuda wochoka mu injini amabwera ndi tizitsulo timene timakakamira pa mavalavu.

Kufewa popopa kumasonyeza kuti mwalowa mpweya. Mafuta sapanikizika koma mpweya umapanikizika, n'chifukwa chake chogwirira chimabwerera ngati sipuling'i. Imikani jeke chilili popanda katundu, tsitsani ndodo mpaka pansi, tsegulani valavu yotsitsira, chotsani kachivindikiro ka m'mbali, popani msanga ka 10 kapena 15, ndiyeno tsekani valavu muyese. Mafuta afike pakamwa pa kabowo ka m'mbali kaja ndodo ili pansi. Mukathira ndodo ili m'mwamba mudzadzaza mopitiriza, ndipo potsika mafuta adzasowa kolowera.

Ngati ikutsikabe koma kunja sikukudontha kanthu, mafuta akubwerera mkati: mwina silu ya pisitoni yatha, kapena kachitsotso kakhala pansi pa kampira kachitsulo ka valavu. Iyeseni ndi katundu kwa mphindi zisanu mutayeza utali ndi tepi. Ikatsika ngakhale pang'ono, isagwire ntchito mpaka itakonzedwa. Ndodo yochita dzimbiri kapena yokandika idzadya silu iliyonse yatsopano, ndipo pa jeke yaing'ono yotereyi kugula ina n'kotchipa kuposa kukonza. Posunga, ndodo izikhala yolowa yonse, jeke chilili, kutali ndi fumbi.

Ndili ndi tipa yonyamula mchenga ndi miyala muno mu Chipata. Bodi yake nthawi zina imakana kutsika, ndipo dalaivala amalowa pakati pa bodi ndi chasisi kukagogoda valavu. Ndamva kuti matipa ena amagudubuzika potsitsa. Ndiwauze chiyani anyamata anga? — Mayi wabizinesi, Kapata

Mayi, pakati pa bodi ndi chasisi ndi malo oopsa koposa pa tipa yonse. Valavu yokakamira ikamasuka chifukwa chogogoda, bodi imatsika nthawi yomweyo, munthu ali pomwepo. Hozi ikaphulika zimakhalanso chimodzimodzi. Matipa ambiri ali ndi chitsulo chochirikizira bodi chomangidwira pa chasisi. Chizigwiritsidwa ntchito nthawi zonse, ndipo bodi ikhale yopanda katundu, pakuti chitsulocho sichinapangidwire bodi yodzaza. Ngati pa tipa yanu chinachoka, pangitsani china cholimba chokhala ndi pokhazikika pake, osati mtengo wotola pafupi umene ungaterereke. Makiyi akhale m'thumba mwa amene walowa pansiyo kuti wina asakhudze zogwirira m'kabini.

Bodi yokana kutsika imayamba ndi zinthu zingapo: waya kapena paipi ya mpweya yoyendetsa valavu yaduka, oyilo ndi wakuda, kapena silinda yapindika chifukwa chotsitsira malo opendekeka. Silinda ya tipa ndi ya mapaipi olowetsana, ndipo ikatambasuka yonse imakhala yofooka kwambiri ikakankhidwa cham'mbali. Wina asamasule hozi pofuna kuti mafuta atuluke bodi itsike. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko, bodi itachirikizidwa kale.

Kugudubuzika kumachitika motere. Bodi ikakwera, kulemera kumapita m'mwamba. Mchenga wonyowa wa kumtsinje umakakamira kumutu kwa bodi, kawirikawiri mbali imodzi, ndipo tayala limodzi lakumbuyo likakhala pa dothi lofewa kapena lili lophwa pang'ono, tipa imagona cham'mbali. Chipata ndi ya mapiri, mapuloti ambiri ndi otsetsereka, choncho dalaivala atsike ayende pamalopo asanakweze. Matayala akumbuyo akhale olingana, chitseko chakumbuyo chimasulidwe, ndipo anthu asaime m'mbali. Chizolowezi chothamangitsa tipa n'kuponda buleki kuti mchenga ugwe chimathyola mapini ndi kupinda silinda. Ukakakamira, tsitsani bodi muukumbe ndi fosholo.

Ayang'anenso kumwamba. Mawaya a magetsi a ZESCO a 11 kV ndi 33 kV safuna kuti muwagunde, magetsi amatha kudumpha bodi ikangoyandikira. Zikachitika, dalaivala akhale m'kabini ndipo anthu atalikire mpaka magetsi atazimitsidwa. Ngati moto wayaka ndipo n'kofunika kutuluka, adumphe osagwira tipa ndi nthaka nthawi imodzi, atere miyendo ili pamodzi, achoke mokhwekhwereza mapazi. Asanayambe ulendo atsimikize kuti bodi yakhala pansi ndipo PTO, giya yoyendetsa pampu yokwezera bodi, yachotsedwa.

Hozi ya thirakitala yanga imanyowa ndi oyilo koma sindikuona pamene pabowoka. Mnzanga akuti ndiyendetse dzanja pa hoziyo injini ikulira kuti ndimve potulukira. — Mlimi, Lundazi

Musatero, bambo. Hayidiroliki ya thirakitala imagwira ntchito pa mphamvu yoyandikira 200 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu imene oyilo akukankhira), pamene khungu la munthu lingabooledwe ndi 7 bar yokha. Oyilo wotuluka pa kabowo kosaoneka amalowa m'thupi ngati jakisoni, ndipo magolovesi samutchinga. Gwirani chidutswa cha katoni ndi pulayazi, muchiyendetse m'mbali mwa hozi mutavala magalasi otchinga maso. Pamene katoni yanyowa mpamene pabowoka.

Choopsa cha bala limeneli n'chakuti limaoneka laling'ono, kadontho chabe, ndipo poyamba silipweteka kwambiri. Munthu amapukuta n'kupitiriza ntchito. Koma oyilo amakhala atayenda m'kati mwa chala mpaka m'chikhatho, ndipo pakapita maola minofu imayamba kufa. Ambiri amene amachedwa amadulidwa chala. Wobayidwa apite tsiku lomwelo, msanga ndithu, ku chipatala chimene amachita maopaleshoni, monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, kapena chipatala cha boma chapafupi kuti amutumize. Auze adokotala momveka kuti oyilo wa makina walowa ndi mphamvu, ndipo atenge chigubu cha oyiloyo. Asafinye bala, asamange mwamphamvu, asathirepo mankhwala achikuda.

Hozi yobowoka simangidwa ndi mphira wa chubu kapena waya, imasinthidwa ndi ina ya mphamvu yofanana, yomwe imalembedwa pa hozi pomwepo. Musanamasule, tsitsani pulawo pansi, zimitsani injini, ndipo sunthani zogwirira uku ndi uku kangapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Tizinenanso apa kuti pulawo kapena halo yosiyidwa m'mwamba usiku ndi msampha kwa ana amene amasewera pa thirakitala. Mukaimika, zonse zizikhala pansi.

Tikufuna kukweza kontena yodzaza katundu kuti tiike pa maziko atsopano. Tabwereka pampu ya manja, mahozi ndi masilinda awiri a matani 10. Kontena ikulemera pafupifupi matani 16. Kodi zikwanira? Pampu ikalimba, tingawonjezere paipi pa chogwirira? — Wamalonda, Mwami

Mukakweza mbali imodzi, inayo ili pansi, masilinda awiriwo asenza pafupifupi theka, matani 8, ngati katundu anapakiridwa mofanana. Pamenepo zikwanira. Kukweza kontena yonse nthawi imodzi ndi masilinda awiri ayi. Ngakhale atakhala anayi, katundu sagawanika mofanana: ngodya imodzi ikatsogola, masilinda awiri opingasana amasenza pafupifupi zonse. Ngati n'kotheka tsitsani katundu wina poyamba.

Zipangizozi zimafika 700 bar, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 700 pa sentimita ya sikweya. Pisitoni ya masentimita asanu m'mimba mwake ili ndi masentimita a sikweya pafupifupi 20, choncho imakankha matani 14. Ndi geji yoonetsa mphamvuyi pa pampu mukhoza kuwerengera chonchi kulemera kumene mwanyamula, n'chifukwa chake sitikonda kukweza popanda geji. Pampu ikalimba ndiye kuti yafika pa malire ake. Kuwonjezera paipi pa chogwirira, kapena kumanga valavu yotetezera imene inatcheredwa ku fakitale, n'kufuna kuphulitsa hozi.

Masilinda akhale pa ngodya, pamene pali zitsulo zokhuthala zonyamulira kontena, osati pakati pa khoma kapena pansi pa matabwa ake. Pukutani makapula, zitsulo zolumikizira hozi, musanalumikize ndipo muwamange mpaka kumapeto. Kapula yomangidwa mwatheka imalola mafuta kupita koma osabwerera, ndipo mudzapeza kontena ili m'mwamba silinda ikukana kutsika. Masilinda awiri pa pampu imodzi amafuna valavu yakeyake, apo ayi wa mbali yopepuka amathamanga n'kusiya mnzake.

Kwezani masentimita asanu, lowetsani chipika, kwezaninso asanu, lowetsani china. Zipika muziyale mopingasa, ziwiri uku ziwiri uku, ndipo mulu wake usatalike kupitirira katatu m'lifupi mwake. Mukafika masentimita 10 kapena 15, khazikani mbaliyo pa zipika mupite mbali inayo. Ndodo ya silinda isatuluke kupitirira magawo anayi mwa asanu a utali wake. Munthu mmodzi yekha ndiye azilamula kupopa ndi kuima, ataima poona mbali zonse. Potsitsa muzichotsa chipika chimodzichimodzi, valavu ikutsegulidwa pang'ono kwambiri, chifukwa kutsegula msanga n'kutseka mwadzidzidzi kumamenya hozi ndi mphamvu yoposa imene munakwezera. Ngati pakhala zowotcherera pa maziko, chotsani masilinda ndi mahozi poyamba: kutentha kopitirira madigiri 65 kumafewetsa masilu, ndipo chitsulo chosiyidwa padzuwa la Okutobala sichikhala kutali ndi pamenepo.